Mkaidi Wamkazi M'nyumba Yomangidwira Amuna

Pa kaphiri ka ku Braamfontein, pakati pa mzinda wa Johannesburg, pali malo amene masiku ano amatchedwa Constitution Hill. Kwa zaka 90, kuyambira mu 1893 mpaka mu 1983, malowa anali ndende. Panali nyumba zingapo zoyandikana: Old Fort, yosungiramo amuna achizungu; Number Four, yosungiramo amuna akuda; ndi ndende ya amayi, ya njerwa zofiira, imene inatsegulidwa mu 1910. Mu 2004 khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko la South Africa linasamukira pamalo omwewa, ndipo zina mwa njerwa za m'chipinda chake choweruziramo milandu zinachokera ku nyumba imene kale inkasunga akaidi oyembekezera kuzengedwa milandu. Alendo ambiri okaona malowa amapita ali ndi maina awiri m'mutu, Mahatma Gandhi ndi Nelson Mandela, pakuti onse awiri anatsekeredwapo pamenepa. Ndende ya amayi ili cha pambali, moti mlendo wothamangira nthawi angathe kubwerera osaiponda.

Pamalo ngati amenewa pamabuka funso limene limaoneka lapafupi koma lili ndi mizu yakuya. Boma likatsekera amuna ndi akazi mumpanda umodzi, n'kuwalekanitsa ndi khoma, n'kuwapatsa chakudya chofanana, malamulo ofanana ndi nthawi yofanana yogonera ndi yodzukira, kodi lachita chilungamo? Ambiri angavomere msanga, poti chilungamo amachimva ngati kusakondera. Komatu kusakondera kumadalira muyeso umene wagwiritsidwa ntchito. Ngati muyesowo unatengedwa pa thupi ndi pa moyo wa mwamuna, ndiye kuti mkazi amene wapatsidwa zofanana ndi mwamuna wapatsidwa zoperewera, ndipo chilango chake chakula kuposa chimene woweruza anagamula.

Chiyankhulo chenichenicho chimaulula m'mene muyesowo umabisalira. Chichewa sichisiyanitsa mwamuna ndi mkazi m'magulu a maina kapena mwa alowam'malo. Mawu oti "iye" amaimira aliyense, ndipo dzina loti "mkaidi" lili m'gulu limodzi ndi "munthu", "mlimi" ndi "mphunzitsi". Potsata malamulo a chiyankhulo, mkaidi angakhale mwamuna kapena mkazi. Koma munthu akamva kuti akaidi akulambula msewu, m'maganizo mwake mumabwera amuna. Pofuna kunena za mkazi amawonjezera mawu, nati "mkaidi wamkazi", pamene "mkaidi wamwamuna" amanenedwa pokhapokha pakhale kuyerekeza. Akatswiri a ziyankhulo anazindikira kale kuti pa mawu awiri otsutsana, amene safuna chiwonjezero ndiwo amatengedwa ngati achizolowezi, ndipo ofuna chiwonjezerowo amamveka ngati achilendo. Zimene zimachitika m'mawuzi zimachitikanso pomanga nyumba, pogawa ndalama ndi polemba malamulo. Pali "ndende", ndiyeno pali "chigawo cha amayi".

Mbiri ya ndende yakale ya ku Johannesburg ikuonetsa zotsatira zake. Amayi akuda ambiri amene analowa m'menemo sanaphe kapena kuba. Ankamangidwa chifukwa chofulula mowa, chifukwa chopezeka m'tauni popanda chilolezo, ndipo kuyambira cha m'ma 1950, chifukwa chokana kuyenda ndi ziphaso zimene boma la tsankho linkakakamiza anthu akuda. Pa 9 Ogasiti 1956 amayi pafupifupi 20,000, motsogozedwa ndi Lilian Ngoyi, Helen Joseph, Rahima Moosa ndi Sophia Williams, anaguba kupita ku Union Buildings ku Pretoria kukakana ziphasozo. Mu Okutobala 1958 zionetsero zinabuka mu Johannesburg momwemo, ndipo amayi pafupifupi 2,000 anamangidwa. Mmodzi mwa iwo anali Winnie Mandela, amene panthawiyo anali woyembekezera mwana wake woyamba. Ali m'ndendemo anayamba kutaya magazi, ndipo amene anamusamalira kuti asapite padera anali mkaidi mnzake, Albertina Sisulu, yemwe anali namwino ndi mzamba. Mwanayo, Zenani, anabadwa mu 1959. Chithandizo chimene boma linayenera kupereka chinachokera kwa womangidwa mnzake, ndipo chinapezeka mwamwayi chabe, chifukwa pakati pa omangidwawo panali mzamba.

Umboni wina ndi wa chinthu chimene mwambo suloleza kutchula pagulu, koma chilungamo chimafuna kuti chitchulidwe. Amayi amene anakhalamo m'ndendeyi anafotokoza kuti mpaka m'zaka za m'ma 1970 akaidi akuda sankapatsidwa zovala zamkati, pamene azungu ankapatsidwa. Mayi akakhala kumwezi ankavutika kupeza chomangira nsalu yodzitetezera, kwinaku akugwira ntchito yokolopa ndi yochapa oyang'anira akumuona. Izi zinasintha pamene amayi omangidwa pa zifukwa za ndale mu 1976, chaka cha zipolowe za ku Soweto, anadandaula m'malo mwa anzawowo. Pakati pa omangidwa a chaka chimenecho panali Fatima Meer, katswiri wa za chikhalidwe cha anthu wa ku Durban, amene anakhalamo masiku 113 najambula mobisa zithunzi za moyo wa m'ndendemo. Palibe woweruza amene anagamulapo kuti mayi wofulula mowa azichititsidwa manyazi mwezi ndi mwezi. Chilangocho chinabwera chokha, pamene tsankho la khungu linakumana ndi kuiwala kuti thupi la mkazi lili ndi zosowa zakezake.

Amuna a ku Number Four nawonso anazunzika koopsa. Chithunzi chimene Bob Gosani anajambula mobisa, chimene magazini ya Drum inasindikiza mu 1954, chinaonetsa amuna akuda akudumphitsidwa ali maliseche pa chipikisheni chotchedwa tauza. Palibe chifukwa chopikisanitsa masautso. Kusiyana kwake n'kwakuti nkhanza zochitikira amunazo zinali zochita kukonza, ndipo zitaululika dziko lonse linazitcha nkhanza. Zambiri mwa zimene zinkagwera amayi zinali zochokera m'kusaganiziridwa, ndipo choipa chotere chimakhalitsa, chifukwa palibe amene amadziona kuti ndiye wachichita.

Ndende yakaleyo itatsekedwa mu 1983, akaidi anasamutsidwira ku ndende yatsopano kummwera kwa mzindawu, kufupi ndi Diepkloof, imene anthu anaipatsa dzina lachipongwe loti Sun City, potengera malo otchuka achisangalalo. Ndendeyi ndi mudzi wa zigawo zingapo mumpanda umodzi. Zigawo za amuna zimatchedwa ndi malembo, A, B ndi C, ndipo amuna amagawidwamo molingana ndi mtundu wa ukaidi wawo: oyembekezera mlandu kwina, ogamulidwa kale kwina. Chigawo chachinayi dzina lake ndi la amayi basi. M'menemo ndimo mumakhala wongoganiziridwa mlandu, wakuba zovala m'sitolo, wogwidwa ndi mankhwala ozunguza bongo pabwalo la ndege, wopha munthu, mtsikana, gogo ndi mayi woyamwitsa. Angawapatule m'zipinda, koma nyumba, bwalo ndi chipatala n'zimodzi. Amuna amaonedwa kuti ndi anthu osiyanasiyana, pamene akazi onse amawerengedwa ngati mtundu umodzi.

Chifukwa chimene chimaperekedwa ndi chiwerengero. Ku South Africa, mwa akaidi 100 aliwonse, akazi amakhala pafupifupi atatu. Mwa ndende pafupifupi 240 za m'dzikomo, zosungira akazi okhaokha sizipitirira khumi, ndipo akazi ena amasungidwa m'zigawo zolumikizidwa ku ndende za amuna. Padziko lonse akazi ndi pafupifupi asanu ndi awiri mwa akaidi 100, ngakhale kuti chiwerengero chawo chakwera mofulumira kuposa cha amuna chiyambire chaka cha 2000; pofika mu 2022 anali oposa 740,000. Woyang'anira ndende amene ali ndi ndalama zochepa angafunse moona mtima kuti, kodi n'kwanzeru kumanga malo ophunzitsira ntchito zamanja, kulemba dokotala wa matenda a amayi ndi kutsegula sukulu chifukwa cha anthu atatu, pamene anthu 97 akugona mothithikana? Funsoli si la munthu wouma mtima. Ndi maganizo amene anthanthi ena akhala akuphunzitsa, akuti chabwino ndicho chimene chathandiza anthu ochuluka.

Maganizo amenewa amathandiza pogawa zinthu zimene boma lili ndi ufulu wopereka kapena kusapereka. Sathandiza pa zinthu zimene boma lili nazo ngongole. Potsekera munthu, boma limamulanda njira zonse zodzithandizira: sangapite kumsika, sangasankhe chipatala, sangathawe womuopseza. Kuyambira tsiku limenelo, chilichonse chimene thupi lake likusowa chili m'manja mwa womutsekerayo, ndipo ngongole imeneyi ndi ya munthu mmodzimmodzi. Mfundoyi ndi yakale m'malamulo a ku South Africa, ndipo inachokera mu Johannesburg momwemo. Mu 1912, pa mlandu wa Whittaker, wokhudza akaidi amene anasungidwa m'zipinda zachilango za ndende ya mzindawu asanaweruzidwe, woweruza James Rose Innes ananena kuti mkaidi amakhalabe ndi ufulu wake wonse ndi ulemu wake wonse kupatula zokhazo zimene lamulo lamuchotsera. Malamulo oyendetsera dziko a 1996, m'gawo 35, amati aliyense wotsekeredwa asungidwe mogwirizana ndi ulemu wa umunthu, ndipo boma limupatse malo ogona, chakudya, zowerenga ndi chithandizo cha mankhwala zokwanira. Mawu oti "zokwanira" amafunsa kuti zokwanira yani. Chithandizo chokwanira mwamuna wa zaka 30 sichikwanira mayi wa pakati pa miyezi isanu ndi itatu. Mayiyo akanakhala yekha m'dziko lonse, ngongoleyo ikanakhala yomweyo.

Kuchepa kwa chiwerengero kumabala mavuto enanso amene saoneka msanga. Popeza malo osungira akazi ndi owerengeka, mayi amatumizidwa kutali ndi kwawo, ndipo ulendo wokamuona umadula. Ngakhale pafupi, anthu amadziwa m'mene zimakhalira: bambo akamangidwa, pamzere wa alendo pamaima mkazi wake, mayi ake kapena mlongo wake atanyamula sopo ndi chakudya, mayi akamangidwa, mzerewo umafupika, ndipo nthawi zambiri banja limathera pomwepo. Mwamuna wopalamula amamutcha wolakwa, koma mkazi wopalamula amamuonjezera dzina la wochititsa manyazi mtundu. Maphunziro a ntchito amene akazi amapatsidwa m'ndende zambiri amazungulira pa kusoka, kuchapa ndi kukonza tsitsi, pamene umakaniko, ukalipentala ndi zomangamanga zili kuseri kwa khoma, kumene mkazi saloledwa kufika chifukwa cha lamulo lomwe lija lomuteteza. Lamulo loyendetsera ndende la 1998 limalamula kuti amuna ndi akazi alekanitsidwe, ndipo n'loyenera, pakuti popanda khomalo nkhanza zogonana zikanachuluka. Koma khoma limodzimodzilo limasiya zinthu zambiri zabwino kumbali ya ochuluka.

Kwa mayi wochokera kunja katunduyo amalemera kawiri. Amalawi ambiri, amayi ali momwemo, amakwera basi kudzera ku Mwanza, Tete ndi Beitbridge kukafuna ntchito ku Joni, ndipo ena amagwira ntchito za m'nyumba popanda zikalata zokwanira. Wotereyu akagwa m'manja mwa lamulo alibe mlongo womubweretsera mafuta odzola kapena mapadi, ndipo anzake amaopa kufika pachipata cha ndende poti nawonso zikalata zawo n'zokayikitsa. Chizulu ndi Chisotho cha m'chipindamo amachimva mwapatalipatali. Ana amene anawasiya ndi agogo kumudzi amangoona kuti ndalama zasiya kubwera.

Kumudziko nakonso nkhaniyi si yachilendo. Ndende yaikulu ya ku Zomba, yomangidwa mu 1935, inatchuka padziko lonse pamene nyimbo zimene Ian Brennan anajambula m'menemo mu 2013 zinasankhidwa kupikisana nawo pa mphotho ya Grammy ya 2016. Ojambulawo anapeza kuti amuna anali ndi gulu loimba lokhala ndi magitala ndi zida zina, pamene amayi, m'kachigawo kawo, anali ndi ng'oma ndi zidebe. Ngakhale zinali choncho, gawo lalikulu la nyimbo za m'chimbalecho linachokera kwa amayiwo. Luso linalipo mbali zonse ziwiri za khoma, koma zida zinali mbali imodzi.

Tsono wina angati yankho ndi losavuta: akazi apatsidwe chisamaliro chapadera chifukwa ndi amayi a ana. Apa pali msampha wina, ndipo khoti lalikulu la South Africa linakumana nawo. Mu 1994, atangolowa pampando, Nelson Mandela anakhululukira magulu ena a akaidi, kuphatikizapo amayi okhala ndi ana osakwana zaka 12, kupatula opalamula milandu ikuluikulu. Mkaidi wina, Hugo, bambo amene mkazi wake anamwalira n'kumusiyira mwana wamng'ono, anakasuma kuti wasalidwa chifukwa ndi mwamuna. Mu 1997 oweruza ambiri, motsogozedwa ndi Richard Goldstone, anagamula kuti kusiyanitsako kunalipodi koma sikunali kopanda chilungamo, poti m'dzikomo ntchito yolera ana imagwera kwambiri akazi. Woweruza Johann Kriegler anatsutsa, nati chifundo choterechi chimalimbikitsa maganizo omwe aja akuti malo a mkazi ndi pakhomo polera ana, maganizo amene akhala akupondereza akazi kuyambira kale.

Mbali zonse ziwiri zinali ndi choonadi. Kunyalanyaza zoti akaidi aakazi ambiri ndiwo ankalera ana okha asanamangidwe n'kutseka maso dala. Koma kulemekeza mkazi chifukwa cha ubereki wokha n'kumuonanso ngati chotengera cha munthu wina. Nanga wosabereka? Nanga gogo amene ana ake anakula? Nawonso amadwala matenda a amayi, nawonso amachita manyazi povulidwa pa chipikisheni, ndipo ambiri a iwo, monga anasonyezera kafukufuku wa Lillian Artz ndi anzake a pa yunivesite ya Cape Town mu 2012, anafika kundende atapyola kale m'nkhanza za m'banja ndi zogwiriridwa. Ufulu wawo sungadalire mwana wa kumsana.

Njira yabwinopo inaoneka mu 2007, khotilo litasamukira kale pa kaphiri kaja. Pa mlandu wa mayi wina wa ana atatu amene anapezeka wolakwa pa zachinyengo, woweruza Albie Sachs analemba kuti bwalo lililonse, lisanatumize kundende munthu amene ndiye mlezi weniweni wa ana, liyenera kuganizira zimene zidzagwere anawo. Chigamulocho chinanena za mlezi, kaya ndi mayi kaya ndi bambo. Chinayang'ana ntchito imene munthuyo akugwiradi, osati imene mwambo umayembekezera kwa iye. Umu ndi m'mene kufanana koona kumayendera: kumafunsa kuti munthu uyu, ndi thupi lakeli, ndi mbiri yakeyi, akusowa chiyani kuti chilango chake chikhale chokhacho chimene chinagamulidwa. Lamulo la ku South Africa limalola mayi kukhala ndi mwana wake m'ndende mpaka mwanayo atakwanitsa zaka ziwiri. Poyamba malire anali zaka zisanu, koma anatsitsidwa mu 2008. Kaya malire akhale pati, tsiku lolekana limafika, ndipo mwana amene sanapalamule kanthu amalawa nawo chilangocho. N'chifukwa chake funso loyamba liyenera kukhala lakuti kodi mayi woba chakudya kapena wolephera kulipira belo yochepa anayenera kulowa m'ndende n'komwe.

Maiko anachedwa kuvomereza zimenezi. Malamulo a bungwe la United Nations okhudza kasungidwe ka akaidi, a 1955, ananena zochepa za akazi, makamaka zowalekanitsa ndi amuna, zowayang'anira ndi akazi anzawo ndiponso za uchembere. Panapita zaka 55 kuti bungwelo livomereze, mu Disembala 2010, malamulo 70 otchedwa a Bangkok, okhudza akazi okha. M'menemo muli zinthu zimene munthu angadabwe kuti zinafunika kulembedwa: kuti mapadi aziperekedwa kwaulere, kuti mkazi azisechedwa ndi mkazi mnzake, kuti mayi asamangidwe unyolo pamene akubereka, kuti woyembekezera ndi woyamwitsa asatsekeredwe m'chipinda chayekha ngati chilango. Kulembedwa kwake ndi umboni wakuti zosiyana ndi zimenezi zinkachitika, ndipo malamulo akale sanazione.

Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Mwambiwu umaganizira munthu amene chitseko chili m'manja mwake. Mkaidi wamva m'mimba, koma kiyi ali ndi wina. Pa chifukwa chimenechi udindo womva ululu wake umasamukira kwa wosunga kiyiyo, ndipo m'dziko la ufulu wosunga kiyi ndi nzika zonse, pakuti ndende imamangidwa ndi misonkho yawo ndipo chigamulo chimaperekedwa m'dzina lawo. Umunthu umene anthu a kuno kummwera kwa Africa amanyadira, umene Azulu amautcha ubuntu, suyesedwa ndi m'mene anthu amasamalira wowafanana kapena wosalakwa. Umayesedwa pa munthu amene n'kosavuta kumuiwala, ndipo m'ndende wosavuta kuiwalika ndi mkazi: walakwa, ndi wochepa m'chiwerengero, ndipo zosowa zake ndi zimene anthu amachita nazo manyazi kuzitchula.

Ndende yakale ya amayi ya ku Braamfontein inasanduka malo osungirako mbiri, ndipo bungwe la boma loona za kufanana kwa amuna ndi akazi linaika maofesi ake m'bwalo lomwelo. Zithunzi za Fatima Meer zinabwerera kumene zinajambulidwa. Zimenezi n'zoyamikika, koma kukumbukira amayi a 1958 ndi 1976 n'kopepuka, poti mbiri inawayeretsa kale ndipo ena mwa iwo maina awo ali pa misewu. Amayi amene ali ku Sun City lero ambiri alibe mlandu wa ndale woti udzawasandutse ngwazi. Ena anabadi, ena anaphadi. Woweruza anawalanda ufulu woyenda kwa zaka zimene anawerenga, ndipo zimenezo n'zimene ayenera kulipira. Chilichonse choposa pamenepo, kaya ndi mtunda wowalekanitsa ndi ana awo, kaya ndi sukulu imene ili kuseri kwa khoma, kaya ndi dokotala amene sabwera, ndi chilango chimene palibe bwalo linagamula.